Windows, Linux kapena MacBook pa forex? Kuyankha m'bale wa ku Bangula

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Bangula. Wagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya RAM 4GB, ndipo akufuna kuyamba malonda a forex, ogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko pa intaneti. Anzake pa gulu la WhatsApp amusokoneza mutu: ena akuti aike Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, poti ilibe mavairasi, ena akuti wamalonda weniweni amayenda ndi MacBook. Akufunsa kuti aike chiyani.

Achimwene, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa amene akukulangizaniwo ndikukayika ngati anakhalapo kuno ku chigwa mwezi wa Okutobala.

Ine forex ndinayambira ku Nchalo, m'nyumba ya lendi ya malata, yopanda siling'i. Msika wa ku London umatsegulidwa 9 kapena 10 koloko m'mawa nthawi ya kuno, malinga ndi nyengo ya kwawoko, ndipo wa ku New York umabwera cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana. Nthawi imene mitengo ikuthamanga kwambiri ndi yomweyo imene dzuwa la kuno limapitirira madigiri 40. Fani ya laputopu yanga inkalira ngati chigayo. Purosesa ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye mudina kuti mutseke trade (malonda amene mwatsegula), chithunzi changoti zii, mtengo ukupita. Ndinayesapo Ubuntu, mtundu wina wa Linux, pa makina omwewo, kutentha kunali komweko. Chimene chinathandiza n'kutsegula pansi pake. Mu fanimo munali mutadzaza fumbi ndi timaphulusa takuda tija timagwa akamawotcha nzimbe. Nditapukuta, ndinaiika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo inasiya kuzizimuka.

Nanga magetsi? Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira ku Chikwawa konkuno, dziko lonse linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa chaka ndi miyezi tinkangowerenga maola a mdima. Nthawi imeneyo ndi imene ndinamvetsa chinthu chimene ambiri sakuuzani. Stop loss ndi take profit, mitengo imene mumaikiratu kuti trade itsekeke yokha mukaluza kapena mukapindula, zimasungidwa pa seva ya broker, kampani imene mumachitirako malondawo, ndiye ngakhale kompyuta itazima zimagwirabe ntchito. Koma trailing stop, stop loss yosuntha motsatira mtengo, ndi maloboti ochita malonda okha aja amati EA zimayendera pa kompyuta yanu. Ikazima, kapena netiweki ikathawa, zaima pomwepo. Ofuna maloboti amachita lendi VPS, kompyuta ya kunja yosazima, ndipo nthawi zambiri imakhala ya Windows.

Tsono za Linux. Sindidana nayo, ndi yopepuka ndipo imadzutsa makina akale. Koma MetaTrader, pulogalamu yochitira malonda imene mabroker ambiri amapereka, kampani ya MetaQuotes inaipangira Windows. MetaTrader 4 (MT4) inatuluka mu 2005, MetaTrader 5 (MT5) mu 2010. Pa Linux imayenda kudzera pa Wine, pulogalamu yoinamiza kuti ili pa Windows. Ngakhale ya pa Mac ija mkati mwake muli Wine yemweyo. Ndiye kugula MacBook kuti muchitire forex n'kutaya ndalama zimene zikanakwana sola, batire ndi bandulo ya miyezi yambiri. Ndikunena mosabisa mawu: ndi matama basi. Ndipo Wine akavuta tsiku lina, ndani adzakukonzereni pa Bangula kapena pa boma ku Nsanje? Mukalembera broker, funso lake loyamba lidzakhala lakuti muli pa Windows yanji.

Chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi Windows yakuba. Msuweni wanga anakakonzetsa laputopu pa kashopu kena mu tauni, anamuikira Windows ndi ka pulogalamu koitsegulira mwachinyengo. Kuti kameneko kagwire ntchito, anazimitsa Defender, pulogalamu yoteteza Windows ku mavairasi, n'kusiya choncho. Munthu akulemba pasiwedi ya broker ndi ya kubanki pa makina amene chitseko chake n'chosatseka! Pamenepo bola Linux Mint, mtundu winanso wa Linux, ndi Wine wakeyo. Windows yakuba pa malonda a ndalama, ayi, musayerekeze n'komwe.

Poti tatchula gulu la WhatsApp, ndilankhulekonso. Amene akukugulitsani ma signal, mauthenga okuuzani zogula ndi zogulitsa, akanakhala kuti akupha makwacha monga akunenera, sakanavutika kukupemphani ndalama ya mwezi ndi mwezi. Bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya, linanena mu 2018 kuti mwa maakaunti 100 a anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu, pakati pa 74 ndi 89 amaluza. Awo ndi anthu a magetsi osazima. Onjezani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola ndi osowa, ndipo kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi. Funsani ku banki kwanu kaye, osati kwa mnyamata wosintha ndalama pa msewu.

Tsono muike chiyani?

Windows 11 yeniyeni, ngati makina anu akulola. Imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, malo a 64GB ndi RAM yosachepera 4GB, ndiye yanuyo ili m'malire penipeni. Mukapeza kangachepe onjezani ifike 8GB, muikenso SSD, diski yachangu yosungira zinthu. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho makina akakana 11, pitani ku Linux Mint. Windows itengeni pa webusayiti ya Microsoft, muiike pa flash ya 8GB. Malaputopu ambiri laisensi yake imakhala mkati mwa makina momwemo, imadzitsegula yokha mukalumikiza intaneti.

Mukamaliza, konzani active hours, maola anu a ntchito mu Windows, kuti isadziyambitsenso msika uli mkati, ikani hotspot ya foni ngati metered connection, intaneti ya bandulo yowerengeka, kuti ma update asakudyereni bandulo, ndipo letsani kugona ikakhala pa chaja. Nthawi ikhale UTC+2, ya Harare ndi Pretoria. MetaTrader itengeni kwa broker wanu kapena kwa MetaQuotes, osati pa flash ya mnzanu. Magemu ndi mafilimu otsitsa paliponse asalowemo. Khalani ndi SIM ya Airtel ndi ya TNM, muikenso MT5 pa foni kuti muzitha kutseka trade laputopu ikafa. Yambani ndi akaunti ya demo, yoyeserera popanda ndalama zenizeni, ndipo muiyendetse mpaka nyengo yotentha ithe, muone ngati makinawo akupirira 3 koloko masana musanaikemo tambala.