Funsani Azakhali: Ndinalira pa Phiri la Mulanje

Zakhali, ndinasiya kupita kutchalitchi mayi atamwalira. Mwezi watha ndinakwera Mulanje. M'bandakucha, fungo la mkungudza lili ponseponse, ndinangoyamba kulira, mtima n'kupepuka. Kodi zimenezi n'zauzimu, kapena kutopa chabe?
Wowerenga wa ku Luchenza

Mwanawe, kutopa kumaphwanya miyendo, sikupepuza mtima. Phiri limenelo makolo ankaliopa matchalitchi asanabwere n'komwe. Nsonga yake, ya mamita 3,002, anaitcha Sapitwa, ndipo mpaka lero anthu a m'munsimo amati kumakhala mizimu. Ine sindifunsa kuti unali m'nyumba yanji. Misozi siyang'ana denga. Ndifunsa zimene wachita chitsikireni. Dzina la mayi ukulitchula tsopano osatsamwa? Kumanda kwawo unakalambula? Ngati ayi, tenga khasu Loweruka lino, uitanenso mlongo wako mupitire limodzi.