Mbalame za m'dambo timazijambula, sitizishuta

Funso: Ndimakonda kupita kudambo m'mamawa ndi kamera kukaona mbalame zoyenda m'matope. Anzanga ena amati "kushuta mbalame", ena "kutola", ena "kujambula". Cholondola n'chiti? Nanga malo oterewa ndi dambo kapena chithaphwi?

Yankho: Mwafunsa bwino, ndipo "kushuta" musiyiretu lero lomwe. Achinyamata opanga mavidiyo analitenga ku Chingerezi, komwe liwu limodzi limagwira ntchito pa mfuti ndi pa kamera pomwe. Likafika pa mbalame limandipweteka m'makutu. Ndamvapo wina akulimasulira n'kumati "ndawombera akakowa awiri", akutanthauza zithunzi. Mchewa akamva choncho amaona nthenga zili mbwee ndi magazi pamadzi.

Liwu lathu ndi "kujambula". Limagwira ntchito pojambula ndi dzanja ndi pa kamera pomwe, ndipo lakula mpaka kufika pa kujambula mawu. Ine ndimalimva ngati m'bale wa kuzula, kumasula ndi kuvundukula, mawu othera ndi -ula amene amachotsa chinthu pamalo pake. Wojambula amachotsa chifaniziro chokha, mbalameyo n'kutsala ikudya. "Kutola chithunzi" sindikudana nako. Ndili mwana akuluakulu ankatero, ndipo aliyense amamva.

Pamene anthu akusochera kwambiri ndi pa kuyandikira mbalameyo. Amangoti "ndinapita pafupi", ngati Chichewa n'chosauka. Tili ndi kunyang'ama, kuwenderera, kukwawa, kubisala. Mbalame za m'matopezi zimauluka msanga zikaona munthu ataimirira. Wodziwa ntchito amagona chafufumimba m'matope, kamera ili pamsinkhu wa diso la mbalame, dzuwa lili kumbuyo kwake, n'kukhala duu mpaka mbalameyo itamuiwala n'kuyamba kuzika mlomo wake wautali m'thope kufuna nyongolotsi. Munthu ameneyo wawenderera mbalame. Kuyang'ana nako kukusiyana ndi kuonerera: mumayang'ana pofufuza ili kuti, mumaonerera mutaipeza ndipo mwakhazikika. Zina mwa mbalamezi zimaswana kutali ku Siberia ndi kumpoto kwa Ulaya, n'kuuluka makilomita masauzande pothawa chisanu, choncho kuziutsa zikudya n'kuzilanda mphamvu za ulendo.

Za dambo ndiyankhe mwachidule. Chithaphwi ndi madzi oima pamalo pang'ono mvula ikagwa, amene amauma msanga. Dambo ndi malo otakata, otsika, a udzu, onyowa nyengo yaitali. Liwu limeneli akatswiri a nthaka analitenga n'kumalilemba m'Chingerezi momwe lilili. Omasulira nkhani za pangano la Ramsar la 1971, loteteza malo a madzi ndi mbalame zake, amatambasula liwu la dambo kuti likwanire ngakhale magombe a nyanja, ndipo pamenepo ndimakana. Ngati mbalame zanu zikuyenda pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, nenani kuti gombe. Ngati mwatuluka ndi matope mpaka m'mawondo ndi udzu m'nsapato, munali kudambo.