Akuti mu bodi ya charter school "ntchito palibe": yankho langa kwa mayi a ku Indiana

Mayi ena okhala ku Indiana, ku America, andilembera imelo. Mwana wawo amaphunzira pa charter school ina, ndipo mphunzitsi wamkulu wawapempha kuti alowe mu bodi poti makolo ochokera ku Africa alibe wowayankhulira. Wawauza kuti msonkhano ndi kamodzi pamwezi, maola awiri basi, ntchito palibe. Akufunsa ngati avomere.

Mayi, mawu amene andiimitsa ndi akuti "ntchito palibe", makamaka poti atuluka pakamwa pa mphunzitsi wamkulu. Munthu ameneyu bwana wake ndi bodiyo. Ndiye kuti wantchito akudzisankhira bwana, n'kumuuziratu kuti asadzavutike kugwira ntchito. Mwina alibe cholinga choipa, ambiri amayankhula chonchi pofuna kuti munthu asachite mantha, koma chizolowezi chimenechi ndi chimene chagwetsa sukulu zambiri za mtunduwu.

Ambiri a ife tikamva za komiti ya sukulu timakumbuka kwathu: kuumba njerwa, kutsata ana ojomba, kuyang'anira phala. Kwathu sukulu ya boma mwini wake ndi boma, aphunzitsi amawatumiza ndi unduna, komiti imangothandiza. Charter school siyendera pamenepo. Ndi sukulu ya anthu onse, yaulere, yoyendera ndalama za misonkho, koma siyendetsedwa ndi ofesi ya maphunziro ya deralo. Imayendetsedwa ndi gulu la anthu wamba amene asayinirana mgwirizano ndi bungwe lopereka chilolezo, limene kumeneko amalitchula kuti authorizer. Mgwirizano umenewo ndiye charter. Zimayandikirako pang'ono ndi sukulu za mishoni zolandira thandizo la boma kwathu, kungoti charter school ilibe mpingo kumbuyo kwake, ndipo chilolezo chake chimatha. Kawirikawiri ndi cha zaka 5, ngakhale ku Arizona amapereka cha zaka 15. Lamulo loyamba lololeza sukulu zoterezi linakhazikitsidwa ku Minnesota mu 1991, sukulu yoyamba, City Academy ya ku St. Paul, n'kutsegulidwa mu 1992. Ku Indiana kwanuko lamulo linabwera mu 2001, ndipo linapatsa meya wa Indianapolis mphamvu yopereka chilolezo, chinthu chimene panalibe meya wina ku America anali nacho nthawi imeneyo. Ball State University imaperekanso, chimodzimodzi Indiana Charter School Board.

Tsono dzina limene lili pa chilolezocho ndi la bodi. Si la mphunzitsi wamkulu, si la kampani yoyendetsa sukulu, ngakhale amene anayambitsa sukuluyo ndi thukuta lake. Ndalama zikasowa, ana olumala akapanda kuthandizidwa, zotsatira za mayeso zikatsika zaka zitatu zotsatizana, kalata ya authorizer imapita kwa wapampando wa bodi. Mukavomera, mwakhala m'modzi wa anthu amene akusenza udindo umenewo.

Pomwe ndimaumirira kwambiri ndi pa makampani. Sukulu zambiri zimalemba bungwe lina kuti liziyendetsa zonse: kulemba aphunzitsi, kulipira malipiro, kugula mabuku, nthawi zina ngakhale nyumba ya sukuluyo imakhala yake. Ena mwa mabungwewa sapanga phindu, ena ndi bizinesi yeniyeni. Pali mtundu wa kontirakiti wotchedwa sweep, pomwe pafupifupi ndalama zonse zochokera ku boma zimangodutsa mu akaunti ya sukulu n'kukagwera ku kampani, yotsala ikatha kulipira zonse ndi phindu lake. Ku Ohio sukulu 10 zinasayina zotere ndi White Hat Management, kampani inkatenga 95 kapena 96 pa 100 iliyonse. Mabodi atatopa n'kufuna kusiyana nayo, anapeza kuti madesiki, makompyuta ndi mabuku ogulidwa ndi ndalama za misonkho, kontirakiti imati ngati akuzifuna azigule kwa kampaniyo. Anakasuma, mlandu unafika ku khoti lalikulu la Ohio, ndipo mu 2015 khoti linati kontirakiti ndi kontirakiti, munasayina nokha. Ine ndikuti bodi imene singathe kuchotsa kampani popanda kutsala ndi makalasi opanda mipando yasiya kale kulamulira. Ingokhalapo kuti chilolezo chikhale ndi dzina.

Ndiye musanayankhe chilichonse, pemphani kontirakiti ya kampaniyo ngati ilipo, muwerenge zinthu izi. Kampani imalandira zingati, ndipo ndi gawo lodziwika la ndalama kapena ndi zonse zotsala? Katundu wogulidwa ndi ndalama za sukulu ndi wa ndani? Aphunzitsi ndi antchito a bodi kapena a kampani? Bodi ikafuna kuthetsa mgwirizano imapereka notisi ya masiku angati, ndipo pali chindapusa? Nanga nyumba, mwini wake ndani? Ngati lendi ikupita ku kampani ina imene eni ake ndi omwewo, funsani amene anayerekeza lendiyo ndi mitengo ya nyumba zina m'deralo. Loya wa bodi ndi odita wa mabuku asakhale osankhidwa ndi kulipidwa ndi kampani imene akuyenera kuiunika. Zimamveka ngati nthabwala koma zimachitika.

Nkhani ya nyumbayi ndiyowawa payokha. M'zigawo zambiri charter school silandira ndalama zomangira monga zimalandirira sukulu za ofesi ya dera, choncho lendi kapena ngongole ya nyumba imachoka m'thumba lomwelo la malipiro a aphunzitsi. Indiana anayesa kuchepetsa vutoli ndi lamulo loti nyumba ya sukulu ya boma imene yangokhala iperekedwe kwa charter school pa dola imodzi, ndipo lamulo limeneli ladzetsa mikangano yambiri ndi maofesi a maphunziro. Koma nyumba ya dola imodzi ikhoza kubwera ndi denga lodontha ndi makina otenthetsera m'makalasi a zaka makumi anayi. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tibwerere ku ndalama, chifukwa sukuluzi zikamatsekedwa kawirikawiri mpungwepungwe umayambira m'thumba, za mayeso zimabwera pambuyo. Ndalama zimatsata mwana. Boma limawerenga ana pa masiku oikika n'kulipira motengera chiwerengerocho. Ku Michigan, mwachitsanzo, amawerenga Lachitatu loyamba la Okutobala, limene limatenga 90 pa 100 ya ndalama, ndi Lachitatu lachiwiri la Febuluwale la 10 yotsalayo. Indiana nakonso amawerenga kawiri pachaka. Tiyerekeze kuti bajeti inapangidwa poganiza kuti kubwera ana 400, aliyense akubweretsa madola 9,000. Abwera 360. Ndiye kuti madola 360,000 palibe, pomwe aphunzitsi munalemba kale, lendi munasayina kale, mabasi munapangana nawo kale. Ana 40 akasowa m'makalasi 16 simungachotse mphunzitsi ngakhale m'modzi, poti kalasi iliyonse yangochepa ndi ana awiri kapena atatu. Bodi yanzeru imapanga bajeti pa chiwerengero chotsikirapo kuposa chimene mphunzitsi wamkulu akulonjeza, ndipo mu Ogasiti ndi Seputembala imafunsa chiwerengero sabata iliyonse, cha ana amene afikadi m'kalasi, osati amene makolo awo anangodzaza fomu.

Ndipo poti ndalama zimatsata dzina la m'kaundula, chiyeso cholemba ana a mizukwa chimakhalapo, ngati mmene timamvera za mizukwa yolandira malipiro m'boma kwathu. ECOT ya ku Ohio, sukulu yophunzitsa pa intaneti, inalephera kuonetsa kuti ana ake amaphunziradi maola 920 amene lamulo limafuna pachaka. Boma linalamula kuti ibweze pafupifupi madola 60 miliyoni a chaka chimodzi chokha, ndipo inatsekedwa mu Januwale 2018, pakati pa chaka, ana pafupifupi 12,000 n'kuyamba kusakasaka malo. Kwanu komweko, Indiana Virtual School ndi inzake Indiana Virtual Pathways Academy zinatsekedwa mu 2019, ndipo ofufuza mabuku a boma anapeza kuti zinalandira madola oposa 68 miliyoni pa ana amene sizinayenere kuwawerengera. Chilolezo chawo chinachokera ku ofesi ya maphunziro ya Daleville, kadera kakang'ono. Apa mpamene ndimakwiya ndi anthu amene amati musadandaule, authorizer akuyang'anira. Authorizer amadya nawo: ku Michigan lamulo limamulola kutenga mpaka 3 pa 100 ya ndalama za sukulu. Ana akachuluka, gawo lake likula. Alipo amene amagwira ntchito yawo mwachilungamo n'kutseka sukulu zolephera, koma simungagone tulo podalira kuti wanuyo ndi mmodzi wa iwo. Sukulu zonse zija zinali ndi mabodi, ndipo mabodiwo ankakumana n'kuvomereza malipoti.

Manambala ofunsa mwezi uliwonse

Simukuyenera kukhala akauntanti. Bungwe la NACSA, limene limasonkhanitsa opereka zilolezo, lili ndi miyeso imene ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo itatu mwa iyo munthu aliyense akhoza kuitsata. Woyamba: sukulu ikhoza kuyenda masiku angati ndi ndalama zimene zili ku banki lero? Tengani zonse zimene imawononga pachaka mugawe ndi 365. Ngati ndi madola 3,650,000, tsiku limodzi ndi 10,000. Ku banki kukakhala 250,000, muli ndi masiku 25. Muyeso wabwino ndi masiku 60, ndipo pansi pa 30 ndi pofunika kukhala tsonga, chifukwa boma likachedwa kutumiza ndalama kamodzi kokha malipiro aima. Wachiwiri: zimene sukulu ili nazo m'manja ndi zimene ilandire posachedwa, pozigawa ndi ngongole zoyenera kulipidwa chaka chomwecho, zipose 1.1. Wachitatu: ana amene alipo asachepere 95 pa 100 ya amene bajeti inayembekezera.

Pemphaninso kuona sitetimenti ya ku banki yeniyeni, osati chidule cholembedwa ndi munthu yemweyo amene amalipira mabilu. Wolemba cheke, wosayina ndi woyanjanitsa mabuku ndi banki asakhale munthu mmodzi. Khadi la ngongole la mphunzitsi wamkulu liziwunikidwa ndi msungichuma wa bodi. Lipoti la odita la chaka chatha muwerenge kumapeto kwake, kumene amalemba zofooka zimene apeza, ndipo muone ngati chofooka chomwecho chinalembedwanso chaka chinacho. Form 990, imene mabungwe osapanga phindu amapereka ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, ndi yoonedwa ndi aliyense ndipo imaonetsa malipiro a akuluakulu. Bungwe loyenera kuipereka likadumpha zaka zitatu zotsatizana limataya ufulu wosakhoma msonkho. Akadzakupemphani kuti mukhale msungichuma, funsani umboni woti msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito ukufikadi ku IRS. Sukulu zikapanikizika zimayamba kubwereka pamenepo, ndipo pa ngongole imeneyi IRS ili ndi mphamvu yolondola munthu payekha amene anali ndi udindo pa ndalamazo n'kudziwa zimene zikuchitika.

Za kuyankhulira makolo a ku Africa zija, samalani nazo. Mukangolowa, foni yanu iyamba kulira: mwana wanga wamuimitsa sukulu, mphunzitsi uja amatinyoza, mwana wa mchemwali wanga ali pa mndandanda wodikira, tamuthandizeni. Membala mmodzi wa bodi alibe mphamvu iliyonse payekha. Bodi imalamula ikakhala pansi n'kuvota, ndipo wantchito amene imamuyang'anira mwachindunji ndi mmodzi, mkulu wa sukuluyo. Dandaulo lili ndi njira yake yolembedwa: mphunzitsi, kenako mkulu, kenako bodi yonse. Za malo ndiye musayerekeze n'komwe. Ofuna malo akachuluka kuposa mipando, lamulo limati pachitike maere, ndipo kulowetsa mwana pakhomo lakumbuyo kukhoza kuika chilolezo pangozi. Kumene mawu anu angathandizedi makolowo ndi pa mafunso a ndondomeko. Kodi makalata a sukulu amamasuliridwa? Ana ophunzira Chingerezi ali ndi mphunzitsi wodziwa ntchitoyo? Ndi ana angati amachoka pakati pa chaka, ndipo ndi ati? Charter school imamangidwa ndi lamulo la IDEA, loteteza maphunziro a ana olumala, ngati sukulu ina iliyonse ya boma, kotero kuuza kholo la mwana wolumala kuti "kuno sitingamukwanitse, kayeseni kwina" n'kuphwanya lamulo, ngakhale kunenedwe mokoma chotani.

China chimene chimakola anthu atsopano ndi misonkhano. Poti ndalama ndi za misonkho, misonkhano ya bodi ndi yapoyera. Ku Indiana lamulo la Open Door limafuna chidziwitso maola 48 msonkhano usanachitike, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide. Zokambirana kuseri ndi zochepa zotchulidwa m'lamulo, ndipo voti imachitikira poyera. Gulu la WhatsApp limene mamembala ambiri akumanga mfundo usiku likhoza kukubweretserani milandu, ndipo maimelo anu okhudza sukulu munthu akhoza kuwapempha kuti awaone. Ngati amuna anu kapena m'bale wanu ali ndi kabizinesi kotchetcha kapinga kapena kophika zakudya kamene kangafune ntchito pa sukulupo, nenani poyera, zilembedwe m'maminitsi, ndipo mutuluke povota.

Ndiye muvomere? Safunsa anadya phula, mayi. Pitani kaye ku misonkhano iwiri ngati kholo wamba, mukhale kumbuyo, muwerenge mafunso amene mamembala afunse pa lipoti la ndalama. Pemphani charter yeniyeniyo ndi tsiku limene ikutha, malamulo a bodi, maminitsi a miyezi 12, malipoti a odita a zaka ziwiri, lipoti laposachedwa la authorizer, kontirakiti ya kampani, ndi pepala la inshulansi yoteteza mamembala a bodi imene amaitcha D&O. Kambiranani ndi wapampando wa bodi, poti woyenera kukuitanani ndi iyeyo. Akakupatsani mapepalawa mkati mwa masabata awiri osanyinyirika, lowani, ndipo muwerengere maola 6 mpaka 10 pamwezi, osati awiri. Akayamba zoti zimenezo n'zachinsinsi kapena zili ku kampani, akaneni mwaulemu, mukalowe komiti ya makolo.