Makalata a agogo asachoke pakhomo

Achemwali, mwafunsa ngati mupereke makalata a agogo anu kwa munthu amene akuwapempha kuti alembe buku. Musapereke. Ngakhale munthuyo alumbire kuti buku lake lonena za Armitage, bwanamkubwa wa Nyasaland nthawi ya atsamunda, likungodikira makalata a agogo anuwo, muuzeni abwere ndi foni, ajambule pakhonde panu inu muli pompo, akamaliza azipita. Ndawerenga funso lanu mtima wanga wangoti myuu, chifukwa kwathu zinachitika chimodzimodzi.

Agogo anga aamuna anali kalaliki ku Zomba nthawi ya atsamunda, munthu wosataya pepala. Anasiya sutikesi yachitsulo. Munali kabuku kamene ankalembamo zochitika m'chaka cha 1959, zodula m'nyuzipepala, khadi la chipani cha Nyasaland African Congress limene ankalibisa kudenga poopa kuchotsedwa ntchito, ndi chithunzi chimodzi, iwo ali pamzere ndi anzawo, bwanamkubwa akudutsa. Ndiye kunabwera bambo wina, waulemu wake, mpaka kunjuta popereka moni kwa agogo aakazi, shuga ndi sopo zili m'jumbo. Akuti akufufuza mbiri ya Armitage, abweza mwezi usanathe. Agogo anamasula kiyi kumpango n'kumupatsa zonse. Sanasaine paliponse.

Agogo atayamba kudwala anayamba kufunsa chithunzi chija. Panalibe china chosonyeza amuna awo ali mnyamata. Ndinamuimbira bamboyo ndili pamphasa pomwepo, foni ndaika palaudi kuti nawonso amve. Mukudziwa anayankha chiyani? "Pepani, ndi banja liti limenelo?" Ndinafotokoza, mudzi, sutikesi, shuga uja. Akuti oo, zimenezo anapatsa mnyamata wake kuti akazisikane, mnyamatayo anasamuka, aona. Agogo anamva zonse. Sanalankhule, anangotembenukira kukhoma. Mawa lake nambala sinkapezekanso. Anatisiya osachionanso chithunzicho, ndipo pamaliro malume anga anaimirira kusiwa, anthu ali tcheru, n'kunena kuti ine ndinagulitsa katundu wa malemu kwa azungu. Ine! Munthu amene ndinkagula ma unitsi ndi ndalama yanga kumusakasaka wakubayo. Mpaka lero sitilankhulana. Bamboyo buku lake sindinalionepo, kaya analemba kaya makalatawo akuola m'katoni kwinakwake. Ophunzira ena ndi mbava zovala jekete basi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti za Armitage mwiniwake zinasungidwa bwinobwino, makalata ake ali ku Oxford, palibe amene angawanyamule m'jumbo. Moyo wake wonse ungautsate. Anabadwa mu 1906, anayamba ntchito za boma ku Kenya mu 1929, kenako anapita ku Gold Coast, Ghana ya lero, kumene anakhala nduna ya zachuma Nkrumah atalowa m'boma mu 1951. Anali munthu wa mabajeti ameneyu, osati wa zipolowe. Koma anamutumiza ku Cyprus mu 1954, ndipo pa 1 April 1955 gulu la EOKA, lolimbana ndi ulamuliro wa Britain kumeneko, linayamba kuphulitsa mabomba. Chaka chomwecho anamuchotsa n'kuikapo msilikali, Harding. Ndiye mu 1956 amubweretsa kuno kudzalowa m'malo mwa Colby, m'dziko limene anthu anali atakana kale chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953. Ine ndimaona ngati anafika ali ndi mantha kale, osafuna kuti amunenenso kuti anachedwa kuchitapo kanthu.

Zotsatira zake mukuzidziwa, ndi zimene timapumira pa 3 Malichi. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958. Mu January 1959 a Congress anachita msonkhano wachinsinsi kutchire, akazitape n'kukauza boma kuti akonza zopha azungu, amwenye ndi ena, kuyambira bwanamkubwa amene. Pa 3 March Armitage analengeza State of Emergency, lamulo la nthawi ya chipwirikiti, asilikali ochokera ku Southern Rhodesia ali kale m'dziko muno. Kamuzu anamutenga mbandakucha kupita naye kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene anadzakhala ndi Chipembere ndi a Chisiza. Ena anawatsekera ku Kanjedza, ena ku Khami pafupi ndi Bulawayo, onse pamodzi oposa 1,300. Ku Nkhata Bay anthu anasonkhana padoko pomwe sitima ya Mpasa inadzatenga omangidwa, asilikali anawombera, lipoti la boma likuti anafa 20, eni dera amati anaposa pamenepo. Kabuku ka agogo kanali ndi masamba a sabata imeneyo, mmene makalaliki ankanong'onezerana mu ofesi, amene sanabwere kuntchito, amene mkazi wake anabwera akulira. Zimenezo ku Oxford kulibe, ndipo pano kulibe kwina kulikonse.

Akabwera munthu wanuyo mumufunse za Devlin, muone ngati akudziwa chimene akulemba. Woweruza wa ku Britain ameneyu anafufuza za zipolowezi n'kutulutsa lipoti mu July 1959, ndipo ananena kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, komanso kuti chiwembu chopha anthu mwaunyinji chija panalibe umboni wake. Boma la ku London linakwiya, linamuitana Armitage n'kumuthandiza kulemba yankho lake ku Chequers, nyumba ya nduna yaikulu ya Britain, kuti lituluke limodzi ndi lipotilo. Koma Devlin yemweyo anavomerezanso kuti zinthu zinali zitafika poti boma lichitepo kanthu kapena litule pansi udindo, ndiye akakuuzani mbali imodzi yokha dziwani kuti akukuphikani. Mapeto ake Armitage anagonja kwa mabwana ake omwe. Iain Macleod atakhala nduna yoona za maiko a atsamunda anatulutsa Kamuzu pa 1 April 1960, bwanamkubwa asakufuna. Mu 1961 mpando unapita kwa Glyn Jones, Armitage anapuma ntchito, anakamwalira kwawo mu 1990.

Komabe, achemwali, musachitenso ngati azakhali anga ena amene atamva za ife anakhoma zawo m'thumba la feteleza kuseri kwa kabati, chiswe n'kudya zonse. Mapepala a 1959 sakhala m'nyumba ya udzu mpaka kalekale. Ndiponso anthu ofufuzawa tikawathamangitsa onse, ana athu adzangowerenga zimene analemba bwanamkubwa ndi ma DC ake. Ndiye ngati kujambula pakhonde sikukwanira, ndipo munthuyo ali ndi kalata yochokera kusukulu kwake, mwaimbirako n'kutsimikiza, mutha kumubwereka ndithu, koma pang'onopang'ono, abweze china ndiye atenge china. Alembe mndandanda wa chilichonse, asaine, amfumu kapena abusa akhale mboni, ndipo abale anu onse adziwe lisanafike tsikulo, makamaka amalume. Jambulani tsamba lililonse nokha, mutumizire achibale angapo pa WhatsApp. Zikakukulirani pitani nazo ku National Archives ku Zomba kapena kulaibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mukafunse mmene amalandirira zinthu za mabanja. Ngati muli chithunzi, chimenecho chokha asachigwire ndi m'manja momwe, mumutsukitsire kope kustudiyo ndipo alipire yekha.