Funsani za Umoyo: Mtengo wounikira mtima umasiyaniranji m'zipatala?

FUNSO: Alangizi, mayi anga, omwe ali ndi zaka 64 ndipo akhala akumwa mankhwala a BP kwa nthawi yaitali, anayamba kutupa miyendo komanso kubanika akagona chagada, moti masiku ano amagona chokhala atatsamira mapilo. Dokotala anatilembera kuti akaunikidwe mtima pa makina a echo. Nditafunsa m'zipatala ziwiri zolipira kuno ku Blantyre, china chinanditchulira mtengo woposa kawiri wa chinzake, pomwe ku chipatala cha boma anati n'zaulere koma tidikire tsiku lomwe atipatse. Mwezi watha tinalipira kale ECG, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi zomwezo. Kodi kusiyanaku kukuchokera pati, kapena angofuna kutidyera masuku pamutu? Ndine wowerenga wa ku Chilomoni.

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi ECG ija, pakuti ambiri amasokoneza ziwirizi. ECG imayeza mphamvu ya magetsi yomwe imachititsa mtima kugunda. Amamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, ndipo pakangotha mphindi zochepa pamatuluka pepala la mizere yokhotakhota, lomwe limasonyeza ngati mtima ukugunda mwadongosolo, koma silionetsa mtimawo. Echo ndiyo imauonetsa. Makina ake amatumiza m'chifuwa mafunde a phokoso lomwe khutu la munthu silingamve, mafundewo n'kukagunda minofu ya mtima ndi kubwerera, monga momwe mawu amabwerera munthu akafuula m'munsi mwa phiri, ndipo kompyuta imawasandutsa chithunzi choyenda. Pachithunzipo pamaoneka zipinda zinayi za mtima, kukhuthala kwa makoma ake, mavavu anayi omwe amatsegula ndi kutseka njira ya magazi, ngakhalenso madzi ngati adzaza m'kathumba kokuta mtima. Kwa mayi otupa miyendo ndi kubanika atakhala zaka zambiri ndi BP, dokotala akufuna kudziwa ngati mtima wafooka popopa, ngati makoma ake akhuthala ndi kuuma, kapena ngati vavu ina ikubweza magazi m'mbuyo, chifukwa thandizo la mavuto amenewa silifanana. Choncho simukulipira chinthu chimodzi kawiri.

Pa nkhani ya mtengo, choyamba kudziwa n'chakuti ntchito zomwe zimatchedwa echo zilipo zingapo, ndipo n'zosiyana kukula. Pali kuunika kwachangu, kwa mphindi 5 kapena 10, komwe woyeza amangofuna yankho la funso limodzi kapena awiri, monga ngati mtima ukupopa mofooka kapena ngati wazunguliridwa ndi madzi. Ndiye pali kuunika kwathunthu, komwe kumatenga mphindi 30 mpaka 60. Wodwala amagonera mbali ya kumanzere, woyeza n'kumupaka mafuta ozizira oterera ndi kuyendetsa kachipangizo pakati pa nthiti, kunsi kwa bere la kumanzere, pamwamba pa mimba pomwe nthiti zimakumana, mpaka pa kadzenje ka m'munsi mwa khosi, uku akumuuza kuti akoke mpweya, augwire, kapena atembenuke pang'ono. Akayatsa gawo la makina lotchedwa Doppler, lomwe limayeza liwiro la magazi ndi komwe akulowera, pa sikirini pamaoneka mitundu yofiira ndi yabuluu, ndipo m'chipindamo mumamveka phokoso la magazi akudutsa m'mavavu. Chilichonse chimayezedwa ndi kulembedwa, kuphatikizapo nambala yomwe madokotala amaitcha ejection fraction, yosonyeza gawo la magazi omwe chipinda chachikulu cha kumanzere chimatulutsa mtima ukagunda kamodzi. Mwa munthu wathanzi nambalayi imakhala pakati pa 55 ndi 70 pa 100, ndipo ikatsika kufika pansi pa 40 ndiye kuti mtima wafooka. Ntchito ziwirizi sizingakhale za mtengo umodzi, komatu munthu akafunsa pa foni kuti echo ndi ndalama zingati amangopatsidwa nambala, osauzidwa kuti ndi ya ntchito iti.

Palinso mitundu ina yodulirapo, monga yolowetsa kachipangizo kummero kuti mtima uonekere chakumbuyo, yomwe imafuna kuti wodwala asadye kwa maola angapo, apatsidwe mankhwala ochititsa tulo ndi kuyang'aniridwa ndi anamwino, komanso yoyeza mtima munthu atauthamangitsa ndi masewero olimbitsa thupi kapena ndi mankhwala. Kawirikawiri munthu woyezedwa koyamba monga mayi anu safunika zimenezi.

Kwa ine, gawo la ndalama lomwe munthu ayenera kulipira mosanyinyirika ndi la maso a amene akuunika ndi kuwerenga zithunzizo. Echo si chithunzi chongojambula kamodzi n'kutha, ayi, pakuti zomwe makina aonetse zimadalira dzanja lomwe lagwira kachipangizo kaja, ndipo kungokapendeketsa pang'ono kukhoza kuchititsa kuti vavu yowonongeka kwambiri ioneke ngati yabwinoko. M'dziko muno akatswiri a matenda a mtima ndi ochepa zedi, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chipatala chomwe echo imachitidwa kapena kuwerengedwa ndi katswiri wotere chimaika ndalama yake mu mtengo, pomwe kwina ntchitoyi imagwiridwa ndi wojambula kapena kiliniko ofesa yemwe anaphunzitsidwa kuunika. Anthu amenewa ambiri amagwira ntchito yotamandika, koma lipoti lawo nthawi zina limakhala la mizere iwiri, ndipo wodwala akafika nalo kwa katswiri amauzidwa kuti aunikidwenso. Wosankha mtengo wotsika osafunsa za lipoti akhoza kupezeka walipira kawiri.

Mtundu wa chipatala nawonso uli ndi mbali yake. M'zipatala zikuluzikulu za boma, zomwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central, thandizo limaperekedwa mwaulere kwa odwala wamba chifukwa ndalama zake zimachokera ku misonkho ndi kwa othandiza boma, koma odwala amachuluka kuposa makina ndi oyeza, n'chifukwa chake munapatsidwa tsiku. Zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa CHAM zimalipiritsa, koma sizinakhazikitsidwe kuti zizipanga phindu. Zipatala za anthu wamba zimayenera kupeza chilichonse kuchokera kwa odwala: malipiro a antchito, lendi, mafuta a jenereta magetsi akazima, ndi makinawo. Makina a echo sapangidwa kuno, amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, chimodzimodzinso zipangizo zosinthira, ndipo kachipangizo kogwira m'manja kaja kakagwa pansi n'kusweka, kugula kena ndi nkhani yaikulu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu November 2023, kotero chipatala chomwe chinagula makina atsopano pambuyo pa apo chili ndi ngongole yosiyana kwambiri ndi chomwe chikugwiritsabe ntchito makina akale kapena olandira ngati mphatso.

Bwererani ku zipatala ziwirizo ndi kalata ya dokotala m'manja, ndipo mupemphe kuti akulembereni mtengo papepala. Mufunse ngati ndi echo yathunthu yokhala ndi Doppler, ngati lipoti lake likhale ndi miyezo, ndani aunike, ndani asayine, komanso ngati ndalama yotsegulira fayilo ndi yoonana ndi dokotala zili momwemo. Nthawi zambiri mitengo iwiri yomwe imaoneka yotalikirana imayandikana zonsezi zikaphatikizidwa, chifukwa wina anatchula kuunika kokha pomwe mnzake anatchula zonse pamodzi. Sindikunena kuti palibe odulitsa dala, pakuti alipo omwe amalipiritsa kukongola kwa nyumba ndi mipando yofewa ya podikirira, koma zimenezo mungazizindikire pokhapokha mutayerekeza ntchito zofanana. Ngati mukukayika za malo enaake, dziwani kuti oyeza ndi zipatala zolipira amayenera kukhala olembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa za chiphaso chawo si mwano.

Koma pomwe mukufunsa mitengo, musaiwale kuti mayi akubanika. Dokotala sayenera kudikira echo kuti ayambe kuwapatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi, ndipo ngati tsiku la ku chipatala cha boma lili kutali, mubwerere kwa amene anakulemberani kalata kuti aone ngati mpofunika kulemba kuti nkhaniyi ndi yachangu. Akayamba kubanika ngakhale atangokhala, kumva kupweteka pachifuwa, kapena kukomoka, thamangirani nawo ku chipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 amatopa msanga ndipo m'mbuyomu ankadandaula kupweteka kwa mawondo. Ku chipatala cha kwathu anamuunika ndi kamakina kolumikiza ku tabuleti, n'kunena kuti vavu ina ili ndi vuto, ndipo atitumiza ku Lilongwe kuti akamuunikenso. Thiransipoti ya anthu awiri ndi yodula kwa ine. Kodi ulendowu ndi wofunikadi, poti anamuona kale? Ndine mayi wa m'chigawo chapakati.

YANKHO: Mayi, ulendowo ndi wofunika. Timakina tonyamula m'manja tathandiza kwambiri, chifukwa mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi makina aakulu, ndipo ndi timene tachititsa kuti kuunika mtima kufike m'maboma. Ndondomeko ya PEN-Plus, yomwe kuno kwathu inayambira ku Neno ndipo maiko a mu Africa anaivomereza pansi pa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2022, imaphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma kuunika mtima kuti apeze msanga matenda oopsa. Ntchito ya kuunika kotereku ndi kupeza vuto, pomwe kuyeza kukula kwake kumafuna makina aakulu ndi katswiri.

Zomwe mwafotokozazi zimachititsa madokotala kuganizira za matenda a mavavu omwe amayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi tizilombo ta streptococcus. Zilondazo zikapanda kuchizidwa, chitetezo cha m'thupi chimatha kutembenukira malo olumikizira mafupa, monga mawondo, komanso mavavu a mtima, makamaka vavu ya kumanzere yotchedwa mitral. Ngati ndi matenda amenewa, mwana amafunika jakisoni wa benzathine penicillin pa masabata atatu kapena anayi aliwonse kwa zaka zambiri, ndipo echo yathunthu ndiyo imakhala poyambira poyerekeza chaka ndi chaka ngati vavuyo ikuipiraipira, komanso ndiyo imafunidwa ngati nkhani ya opaleshoni ingabuke. Kwa inu mtengo weniweni uli pa msewu, choncho pemphani a chipatala chanu kuti ayambe alumikizana ndi a ku Lilongwe ndi kukupezerani tsiku musananyamuke, kuopa kukafika tsiku lomwe woyeza palibe. Mufunsenso ngati pali galimoto ya chipatala yotengera odwala otumizidwa, ndiponso ngati mwanayo sayenera kuyamba jakisoni pomwe mukudikira. Buku lake la kuchipatala musalisiye.

FUNSO: Ndili pa sikimu ya zaumoyo ya kuntchito, koma nditaunikidwa mtima anandiuza kuti ndiwonjezere ndalama ya m'thumba, ndipo akuti ndidzaunikidwenso pakatha miyezi 6. Kodi zimenezi n'zoyenera? Ndine wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Masikimu amakhala ndi mtengo wawo womwe anaika pa ntchito iliyonse, malinga ndi gawo lomwe munthu analembetsa, ndipo chipatala chikalipiritsa kuposa apo, yotsalayo imagwera wodwala. Ena amafunanso kuti chilolezo chitengedwe munthu asanaunikidwe, kotero ulendo wotsatira muimbire a sikimu yanu kaye ndi kufunsa kuti alipira zingati pa chipatala chomwe mukupitacho.

Za kubwereza, zimadalira chomwe chinapezeka. Munthu yemwe mtima wake unapezeka wofooka n'kuyamba mankhwala atsopano amaunikidwanso pakatha miyezi ingapo kuti aone ngati mphamvu yopopa yakwera, pomwe yemwe vavu yake ili ndi vuto laling'ono lomwe silikumusowetsa mtendere akhoza kutha zaka zingapo asanaunikidwenso. Afunseni dokotala wanu kuti akufuna kudzaona chiyani pa miyezi 6 imeneyo, ndipo popita mudzatenge lipoti loyamba lija kuti woyeza adzakhale ndi poyerekeza.