Kwa achimwene ofuna kuchotsa servo pa ka Mini kawo

Achimwene funso lanu ndaliona, loti kagalimoto kanu ka Mini ka 1991 mukaponda buleki servo ikumalira kuti fwiii pansi pa boneti nde mukufuna kungoizula yonse, koma mukuopa kuti mwina galimoto sidzaimanso. Ndaonanso ena akuuzani kuti mukachotsa ndiye kuti mwadzikumbira manda. Ayi sizili choncho, komanso si nkhani yongomasula manati n'kuiponya kuseri kwa galaja.

Timvetsetsane kaye ntchito ya chinthuchi. Servo ija, amakaniko ena amati busita, ilibe buleki m'kati mwake. Ndi chigubu chabe chokhala ndi labala wamkulu pakati, injini imayamwa mpweya m'chigubumo kudzera ka paipi kochokera ku manifold, njira yolowetsa mpweya mu injini, nde mukaponda mbali imodzi kumalowa mpweya wakunja n'kukankha labala uja, labalayo n'kuthandiza mwendo wanu kukankha master cylinder, pampu yotumiza mafuta a buleki ku mawilo. Basi. Imangobwereka mwendo mphamvu. Choimitsa galimoto ndi mapadi, madisiki, madilamu akumbuyo ndi matayala pamsewu, ndipo zimenezi zikhala momwemo olo muichotse. Tayala likagwira mpaka kuyamba kukhukhuluzika malire ndi omwewo, kungoti popanda servo mwendo umagwira ntchito yambiri kuti mufike pamenepo.

Ndipo Mini yayenda zaka zambiri yopanda chinthuchi. Imene inatuluka mu 1959 inali ya madilamu mawilo onse anayi, servo kunalibe. Cooper S ya 1963 ndi imene inali nayo, ija yokhala payokha yolumikizidwa ndi mapaipi. Mu 1984 anaika madisiki a mainchesi 8.4 ndi mawilo a 12 pa Mini wamba komabe opanda servo, mpaka kumapeto kwa m'ma 1980 m'pomwe anayamba kuika yogona ngati yanuyo. Nde zomwe mukufunazo fakitale inachita kale, kagalimoto kolemera makilogalamu cha m'ma 700 kapena kucheperapo mwendo wa munthu umakaimitsa bwinobwino.

Koma musanagwire sipanala yesani kaye, mwina servo mukuinamizira. Injini ili yozima pondani buleki kasanu kapena kasanu n'kamodzi mpaka pedulo iume gwa, musachotse phazi, lizani injini. Ikatsika pang'ono pansi pa phazi lanu ndiye kuti servo ili moyo. Ikapanda kusuntha onani ka paipi kaja ndi ka valavu kake kololeza mpweya mbali imodzi, nthawi zambiri labala wa paipi amang'aluka kumapeto chifukwa cha ukalamba, ndipo injini imagwedezeka ikakhala pa idle, kulira yokha osaponda mafuta, poti ikumwa mpweya wakuba. Ngati vuto ndi limeneli bwanji kugwetsa nyumba chifukwa cha khoswe? Koma ngati fwiii uja akuchokera m'chigubu momwemo, kapena mafuta a buleki akumatsika koma pansi palibe dontho, masulani master cylinder muone kumbuyo kwake, mukapeza panyowa ndiye kuti mafuta akuthawira m'servo ndipo zonse ziwiri zatopa.

Mwatsimikiza kuchotsa? Chabwino, koma mubwezere galimoto mmene fakitale imapangira zopanda servo, osati zolumikiza ndi waya. Master cylinder ya servo ndi yogona, siingakhale payokha, mufunika ija yoimirira ya mizere iwiri, kutsogolo kwaokha kumbuyo kwaokha, anthu a Mini amaidziwa ndi ka chizindikiro kake kachikasu. Musabwerere ku ya mzere umodzi ya Mini zakale kwambiri ngakhale mutaipeza mosavuta, paipi imodzi ikaphulika pamenepo mabuleki onse apita. Pedulo nayo ndi yosiyana, pezani ya galimoto yopanda servo. Mapaipi ochokera ku master cylinder mupanga atsopano poti akalewo safika, ndipo apa tsegulani maso, pa Mini pali manati a mainchesi ndi a mamilimita ooneka ngati mapasa, wolakwika amalowa ndithu kawiri katatu n'kumaoneka ngati wagwira, kenako amadontha kapena kuvuka tsiku lomwe mwaponda mwamphamvu. Nati akayamba kulimba msanga mukumanga ndi zala, siyani, si wake.

Komanso musatengeke ndi zoti master cylinder yaikulu ndiye ya mphamvu. N'zosemphana. Ikakula m'kati pedulo imauma kwambiri, ikachepa imafewa koma imayenda mtunda wautali.

Pomwe mutukwane ndi pa ka pini kolumikiza pedulo ndi master cylinder. Ine tsiku lomwe ndinkachita zimenezi ndinachotsa mpando, n'kugona chagada mutu pansi pa chiwongolero miyendo kunja kwa chitseko, tochi kukamwa, pulayala yaitali kumanja, ka pini kakang'ono kotsekera kaja kanagwa katatu konse n'kulowa pansi pa kapeti. Nditamaliza zonse ndikudzimva ukatswiri ndinaliza injini, koma inangolira mokwera n'kuzima, kulizanso chimodzimodzi, ndinayamba kukayikira kabuleta wosalakwa mpaka ndinaona bowo la ku manifold lili yasaa, ndaiwala kutseka. Mutseke ndi chotsekera chenicheni chomanga bwino, osati bawuti wongokankhira mu paipi yakale.

Mafuta a buleki thirani a mtundu wa DOT 4 atsopano a m'botolo losatsegula, amenewa amayamwa chinyezi akakhalitsa, ndipo musasakanize ndi DOT 5. Amadyanso penti, akadonthera tsukani ndi madzi nthawi yomweyo. Musanayambe kuchotsa mpweya m'mapaipi sendezani kaye nsapato za buleki za m'madilamu akumbuyo, za Mini sizisendera zokha, pali ka bawuti ka makona anayi kuseri kwa wilo, mangani mpaka wilo ligwire kenako bwezani pang'ono lizizungulira. Ambiri amapopa tsiku lonse kufuna mpweya womwe kulibe pomwe vuto ndi nsapato za buleki zili kutali ndi dilamu. Ka valavu kochepetsa mphamvu yopita kumbuyo musakachotse, Mini ndi yopepuka kumbuyo, mawilo akumbuyo akayamba kugwira kutsogolo kusanagwire muona galimoto yatembenuka yokha.

Ine kunena zoona yopanda servo ndimaikonda, phazi limamva chomwe tayala likuchita, komanso pansi pa boneti pamapezeka malo olowetsa dzanja ku kilatchi. Koma ngati galimotoyi amayendetsanso madamu kapena bambo achikulire, kapena bondo lanu limavuta, kapena mwazolowera galimoto zamakono zoti kungokhudza yaima, konzetsani servo ikhalepo, chifukwa mwana akadumphira mumsewu phazi limaponda mmene linazolowera. Mukachotsa auzeninso a inshuwalansi kuti mwasintha mabuleki, ndipo ulendo woyamba mukayesere pamalo popanda anthu, pang'onopang'ono kaye kenako mwamphamvu, mukabwerako suzumirani nati aliyense ngati sakutuluka thukuta.

Yesani kaye zopopa zija madzulo ano mundiuze ngati pedulo yatsika, mujambulenso pansi pa boneti mbali ya master cylinder ndione mapaipi anu akuyenda bwanji.