Kuthira mchere mu ayisi: kodi nsomba zimapinduladi?

Mayi ena ochita geni ya nsomba zaziwisi ku Senga Bay anditumizira imelo. Amapikula chambo ndi mcheni pagombe m'mamawa, n'kulongedza mu cooler box pamodzi ndi ayisi, ulendo wa ku Lilongwe. Alamu awo anawauza kuti azithira mchere mu ayisiyo kuti azizizira kwambiri komanso azikhalitsa. Atayesa, m'bokosi munaziziradi mpaka zala kuchita dzanzi, koma ayisi anatha msanga. Ndiye akufunsa kuti: "Zikutheka bwanji kuti chinthu chikusungunuka mofulumira koma n'kumazizira kuposa kale? Nanga ndipitirize kapena ndisiye?"

Mayi, alamu anuwo ananena zoona theka. Zoti mumazizira kwambiri n'zoona. Zoti ayisi amakhalitsa, ayi.

Tiyambe ndi mmene ayisi amagwirira ntchito. Ambiri timaganiza kuti ayisi amatulutsa kuzizira n'kupatsira nsomba. Chimene chimayenda ndi kutentha, ndipo pakokha kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira, sikubwerera. Rudolf Clausius wa ku Germany analemba mfundoyi mu 1850, ndipo ndi imodzi mwa nsanamira za phunziro la kayendedwe ka kutentha lotchedwa thermodynamics. Choncho nsomba zanu zimazizira chifukwa ayisi akuzilanda kutentha.

Ndipo amalanda kochuluka. Kilogalamu imodzi ya ayisi imafuna ma kilojoule (muyeso wa kuchuluka kwa kutentha) 334 kuti isungunuke. Kutentha komweko kungatenthetse lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 80. Chodabwitsa n'choti nthawi yonse imene ayisi akusungunuka, themometa imangokhala pa 0, osakwera. Kutentha konse kolowako kumathera pa kumasula tizigawo ta madzi timene tinagwirana pouma. Joseph Black wa ku Glasgow ndiye anazindikira zimenezi cha m'ma 1760. Mukamagula ayisi, ndalama yanu ikugula ma kilojoule 334 amenewa pa kilogalamu iliyonse, basi.

Tsono mchere ukulowa pati? Pamwamba pa ayisi wonyowa pamachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi: tizigawo tina timachoka pa ayisi kulowa m'madzi, tina timachoka m'madzi kukamatirira pa ayisi. Pa madigiri 0, m'madzi opanda kanthu, zochokazo ndi zobwererazo zimalingana. Mukathira mchere, umasungunuka m'madziwo n'kusakanikirana nawo, ndiye tizigawo tobwerera pa ayisi timachepa pamene tochoka tikuchokabe. Kusungunuka kumapambana. Akatswiri amafotokoza kuti madzi osakanikirana ndi mchere ali ndi entropy (muyeso wa kubalalika kwa tizigawo) yochuluka kuposa madzi okhaokha, ndipo chilengedwe chimapendekera kumeneko.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu. Ayisi wokakamizidwa kusungunukayo akufunabe ma kilojoule ake 334, ndipo sangadikire kuti kutentha kulowe pang'onopang'ono kuchokera kunja. Amalanda pafupi: m'madzi omwewo, mu ayisi mnzake, m'nsomba, m'zala zanu. N'chifukwa chake themometa imatsika pansi pa 0. Mchere ukafika pafupifupi magawo 23 pa 100 alionse a madzi amcherewo, imatha kutsika mpaka madigiri 21 pansi pa ziro. Kusungunuka msanga ndi kuzizira kwambiri sikukutsutsana, koyambako ndiko kukubala kwachiwiri.

Koma mcherewo sunawonjezere mphamvu ya ayisi. Posungunuka nawo umamwako kutentha pang'ono, koma n'kochepa moti sikungakuthandizeni pa geni. Chimene wachita n'kufulumizitsa ntchito imene ikanatenga tsiku lonse. Kuwonjezera apo, kutentha kumalowa m'bokosi mofulumira kusiyana kwa kunja ndi m'kati kukakula. Tiyerekeze kuti ndi mu Okutobala, kunja kuli madigiri 35. M'bokosi mukakhala 0, kusiyana ndi 35. Mukakhala 15 pansi pa ziro, kusiyana ndi 50, ndiye kutentha kumalowa mofulumira pafupifupi kamodzi ndi theka. Minibasi ikamadikira kudzaza pa depoti ya Salima, ayisi wanu akungopita.

Nsomba nazo sizikondwera nazo. Mnofu wake umayamba kuuma pa digiri imodzi pansi pa ziro. Ukauma pang'onopang'ono, timiyala ta ayisi timene timapangika m'kati timakhala tikulutikulu ndipo timang'amba mnofu. Nsomba ikasungunuka imakha madzi n'kufewa, pamwamba pake mchere utalowa. Wogula chambo chachiwisi amadina ndi chala, ndipo mukuwadziwa nokha anthu a ku Lilongwe mmene amanenerera mtengo akapeza chifukwa. Chimene nsomba yaiwisi imafuna ndi kukhala pa 0 mosasinthasintha, ndipo ayisi wopanda mchere amachita zimenezo yekha.

Ine ndikanakhala inu, mchere ndikanausiyira owumitsa nsomba ndi ofuna kuziziritsa zakumwa mwachangu alendo akafika mwadzidzidzi. Pamenepo umagwiradi ntchito.

Pomwe ayisi wambiri amathera ndi poyamba penipeni. Kutsitsa makilogalamu 10 a nsomba kuchoka pa madigiri 30 kufika pa 0 kumadya makilogalamu atatu a ayisi ndi kapamwamba, ulendo usanayambe n'komwe. Wotsalayo ndiye wolimbana ndi dzuwa la mumsewu. Ndiye musalole nsomba zikhale pamchenga kapena m'beseni padzuwa mukukambirana mtengo, digiri iliyonse imene zakwera mudzailipira ndi ayisi. Masiku otentha, ayisi azilemera mofanana ndi nsombazo.

Muziphwanya ayisiyo tizidutswa ting'onoting'ono. Chibuluku chachikulu chimakhalitsa, inde, koma chimakhalitsa chifukwa chikukhudza nsomba zochepa, zapakona zikuvunda. Yalani ayisi pansi, nsomba, ayisi, nsomba, ndipo pamwamba pakhale ayisi wokwanira kuti madzi ake ozizira azitsika kudutsa m'nsombamo. Madzi osakanikirana ndi magazi ndi nembenembe azituluka pansi, nsomba zisagonemo.

Bokosilo lifunditseni chiguduli chonyowa ndipo likhale pamthunzi podutsa mphepo. Lita imodzi ya madzi ikamauma kukhala nthunzi imanyamula ma kilojoule pafupifupi 2,400, kuposa kasanu ndi kawiri zimene ayisi amatenga posungunuka. Ndi mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Chiguduli chokha sichingatsitse nsomba kufika pa 0, koma chimachepetsa kutentha kofika pa chivundikiro. Muuzenso kondakitala asaike bokosi pafupi ndi injini, ndipo m'njira musamalitsegule kuti muone ngati ayisi akadalipo.